Malire a Profesa

Kwawo ankamutchula kuti Profesa kuyambira tsiku limene anavala mkanjo wa digiri, ngakhale kuti ntchito imene anaipeza inali yolandira makalata n'kumawadinda pa ofesi ina. Dzinalo anam'patsa ndi achemwali ake, telala, amene anamulera mayi awo atamwalira. Ngakhale mkanjowo anaupinda ndi iwowo, poti unkasesa pansi.

Mawu akuti malire anawatola ku maphunziro a masiku awiri amene ofesi inakonza. Mphunzitsi wake, mayi wa mawu ofewa, anajambula bwalo pa bolodi n'kuika kadontho pakati.

"Kadontho aka ndinu. Mzerewu ndi malire anu. Wofuna kulowa ayambe wagogoda."

Profesa anakopera bwalolo m'kope, akuzunguliza cholembera pa kapu ya tiyi kuti lisapotoke. Pofika Lachisanu anali atazindikira kuti moyo wake wonse wakhala wopanda mpanda. Malire anayamba kuwaona paliponse: m'basi munthu akamutsamira paphewa, mu ofesi wina akatenga chidindo chake osapempha. Koma katswiri wolumpha mpanda anali mmodzi, achemwali.

Iwo ankaimba foni katatu pa tsiku kufunsa ngati wadya. Ankafika kunyumba kwake osanena, kutsegula ndi kiyi wawo, n'kuyamba kusuntha mipando. Akamuona, moni asanapereke n'komwe, ankamugwira m'chiuno ngati akuyeza nsalu. "Waondatu iwe." Kapena, "Siketi iyi yayamba kudandaula."

Ndiye Profesa analemba mfundo zinayi, kuzisindikiza pa pepala lolimba la ku ofesi, ndipo Loweruka anakaziwerenga ku shopu, ataima pakati pa makina osokera ndi mulu wa mayunifolomu a sukulu. Achemwali ankamvetsera mapini ali pakamwa.

"Choyamba, foni kamodzi pa sabata. Chachiwiri, kubwera kwanga muziyamba mwanena. Chachitatu, za thupi langa musamanenepo kanthu. Chachinayi, aliyense azisenza nkhani zake, osamasenzetsa mnzake."

Achemwali analavulira mapiniwo m'dzanja. "Zaka zinayi za ku yunivesite zija n'zimenezi?"

"Si chidani, achemwali. Ndi malire. Amateteza chikondi."

"Oo. Chikondi chayamba kufuna mlonda."

Profesa anali atakonzekera mkangano. Mayankho anali atawaloweza m'bafa, ena mwa iwo okoma ndithu. Koma achemwali anangotenga pepalalo, kulibaya pakhoma ndi mapini anayi pambali pa kalendala, kuvula kiyi pa mphete ya makiyi awo n'kumuika patebulo.

"Tamva, Profesa."

Ndipo anasunga malamulowo kuposa mwini wake. Lamlungu lililonse foni inkalira kamodzi. "Muli bwanji? Ife tili bwino. Zikomo." Muli! Munthu amene anakula akumumina mamina anayamba kumuitana kuti inu.

Sabata yoyamba Profesa anauza anzake a ku ofesi kuti akumva kupepuka, ndipo awiri anapempha kope la mfundo zija. Sabata yachitatu anadzipeza akuzimitsa foni n'kuiyatsanso, kuona ngati sinawonongeke. Mipando inakhala pomwe anaiika yekha, ndipo m'mawa uliwonse ankagunda bondo pa mpando womwewo.

Lachitatu lina masana, akuwerama kutola kalata, zipi ya siketi inathetheka. Anaigwiriziza ndi pini, kuvala juzi lalitali m'dzuwa lonse lija, n'kuuyamba wa ku shopu. M'njira ankadzitsimikizira kuti akupita ngati kasitomala, choncho palibe lamulo limene akuswa.

Shopu anaipeza itapakidwa penti wachikasu. M'kati munali bambo wina akupachika matchaja a foni pakhoma.

"Telala uja? Anasamuka, papita masabata awiri. Mwini nyumba anawafuna malowa. Zinali zomvetsa chisoni, mayi, makina aja kunyamula okha pa masitepe. Ndinu kasitomala?"

"Ndine mng'ono wawo."

Bamboyo anamuyang'ana kuyambira pa juzi mpaka ku nsapato. "Ali ndi mng'ono?"

Anamulozera kuseri kwa sitolo ya misomali ndi penti, pamwamba. Profesa anakwera masitepewo dzanja lili pa siketi, akuwerenga. Analipo khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo pa sitepe iliyonse ankaganiza za kulemera kwa makina aja.

Chipindacho chinali chaching'ono, cha windo limodzi. Mwendo umodzi wa tebulo unali utachirikizidwa ndi katoni yopinda. Achemwali ankadula nsalu movutikira, dzanja lamanja litamangidwa bandeji. Pakhoma panali kalendala, ndipo pambali pake, ndi mapini anayi omwe aja, panali pepala lija. Analinyamula posamuka.

"Odi."

"Munanena kuti mubwera?"

"Achemwali, bwanji osandiuza?"

Iwo analoza khoma ndi sizasi, osatembenuka. "Chachinayi."

"Koma ine ndinkanena tinkhani ting'onoting'ono!"

"Simunalembe saizi."

Profesa anafufuza m'mutu mwake, m'zaka zinayi zonse zija. Chimene chinabwera ndi bwalo lija ndi kadontho kake. Mayi wa mawu ofewa uja sananenepo kuti kadonthoko kamatani tsiku lonse m'katimo kokhakokha.

"Zipi yathetheka," anatero pomaliza.

"Mubwere Lachiwiri. Pali mzere."

Sanachoke. Anaika chikwama pansi, kugwira mbali ina ya nsaluyo kuti isamaterereke, monga ankachitira ali wamng'ono akaweruka kusukulu. Achemwali sanamuthamangitse. Anadula limodzi mpaka kumapeto kwa choko. Kenako Profesa anapita kukhoma, kuzula mapini aja limodzilimodzi, n'kuima ndi pepalalo m'manja. Kuling'amba kunaoneka ngati sewero. Kuliika m'chikwama kunaoneka ngati adzalifunanso.

"Bweretsani kuno," anatero achemwali. Analipinda pakati, kulembapo ndi choko, n'kudulapo pateni ya kolala. "Pepala labwinotu ili. Lolimba. Muli ndi ena?"

Zidutswa zinagwera pansi. Ndiye anatenga tepi pakhosi pawo, kumuzunguliza m'chiuno, kuyang'ana nambala, kuyang'ananso. Analemba pa kabuku kawo. Profesa anadikira. Pansi ku sitolo kuja wina ankatsitsa zitini za penti.

"Nenani," anatero Profesa.

"Chachitatu."

"Chachitatu mwachidula. Ndi icho chili pansi pa tebulo."

Achemwali anasuzumira pansipo, kuchikankha ndi phazi.

"Waondatu iwe! Ukumadya chiyani, malire? Vula siketiyo, funda nsalu iyo. Ndipo juzi ilo m'dzuwa lino, anthu aziti ndilibe m'bale wanzeru."

Profesa anakhala pa katoni ya ulusi atafunda nsalu ya kasitomala, akumva ngati wapatsidwa digiri yachiwiri. Makina atayamba kulira, anapisa m'chikwama n'kutulutsa kiyi uja. Anali akuyenda naye masabata onsewa. Anamuika pafupi ndi sizasi.

"Koma muzigogoda, achemwali."

Iwo anatola kiyiyo ndi dzanja lamanzere, kumuponya m'thumba la epuloni, maso ali pa singano.

"Ndizigogoda nditalowa."