Chimbudzi cha m'galaja

Chitulukireni m'chipatala, bambo ake a telala wina anasiya kumwa madzi. Osati analibe ludzu, ayi. Mwendo ndi mkono wakumanja zinali zitafooka, masitepe olowera m'nyumba anawakanika, ndiye ankagona m'galaja. Akafuna kudzithandiza, telalayo, mwana wawo wamkazi, ankabwera ndi ndowa. Munthu wamkulu kubweretseredwa ndowa ndi mwana wobala yekha! Manyazi anaposa ludzu.

"Ababa, mukufuna impso ziume?"

"Ndili bwino, mayi," ankatero, milomo ili mbuu.

Pulambala anati ali ndi ntchito zambiri, abwera mwezi wamawa. Mwezi wamawa munthu akuuma lero? Telala anavundikira makina ake osokera, nakagula mapaipi, guluu, mtondo wa chimbudzi ndi kasinki. Achimwene ake atamva anaseka pafoni mpaka kutsokomola. "Iwe, paipi si diresi!"

"Mukatha kusekako mubwere ndi piki," anayankha. Sanabwere.

Anaswa simenti yapakona ndi nyundo ndi tchizulo, nakumba ngalande mpaka kuthanki ya zonyansa kuseri kwa nyumba. Anayala mapaipi, kumata bwinobwino, ya sinki kuilumikiza ku yaikuluyo. Kenako anathira ndowa yamadzi kuti ayese. Madzi analowa, kuguguda pang'ono, n'kubwerera. Anangoti ndundundu pakamwa pa paipi, osasuntha.

Mayo ine! Ngalande ija anaikumba yosalala ngati tebulo lodulirapo nsalu, osaipatsa chitsetse. Madzi angatsike bwanji popanda potsikira? Guluu naye anali atagwira kale.

Bambo aja ankaonerera ali pabedi. "Zisiye, mwanawe. Manja ako ndi a singano."

Mawuwo anamupweteka kuposa matuza a m'manjamo. Anatenga sowo n'kudula mapaipi onse amene anamata yekha. Anakoka chingwe kuchokera pakona mpaka kuthanki, nayambanso kukumba, uku akutsitsa pang'onopang'ono. Makasitomala ankaimba kufunsa za madiresi awo, foni n'kumangolira pawindo. Msana unkachita kuyaka.

Atayalanso mapaipi n'kuthira ndowa ina, anathamangira kuseri wopanda nsapato, natchera khutu pathanki. Kunali zii. Kenako anamva madzi akugwera m'kati, khwaa! Anakuwa yekhayekha ngati wamisala.

Anakhazika mtondo ndi sinki, kutchinga pakonapo ndi matabwa, kuika chitseko ndi chitsulo chogwirira kukhoma. Simenti itauma, anafuna kuwagwira mkono bambo ake. Iwo anakana. Anadzuka ndi ndodo yawo, kukoka mwendo uja pang'onopang'ono, mpaka analowa n'kutseka chitseko.

Telala anaima panja, mtima uli m'mwamba, kuopa kuti agwa. Misozi inali italengeza.

M'katimo munamveka mawu aja amene ankamukalipira nawo ali kamtsikana, amphamvu ngati kale.

"Iwe, ndikuona mapazi ako pansi pa chitsekopa. Choka, ukudikira chiyani?"