Kapolo wa ku Roma Anali Che Suleman

Maganizo onsewa anali a Madamu Olive, manijala wa hotela ina ku Al Aziziya, mayi amene akawerenga buku limodzi antchito onse ankavutika nalo mwezi wathunthu. Chaka chimenecho anawerenga za Aroma akale. Basi phwando la antchito la mu Disembala linasanduka tauni ya Chiroma: nsanamira za makatoni, kamsika ka buledi ndi nsomba zamchere, aliyense atadzikulunga shiti ya pabedi ngati wodwala malungo. Vinyo ayi, kuno n'ku Doha, anaikapo juwisi wa mphesa.

"Ku Roma kunali chikondwerero chimene mabwana ankatumikira akapolo awo," anatero Madamu. "Kapolo ankadya chogona, n'kulankhula zakukhosi popanda chilango. Lero masupavaiza ndinu otumikira. Yalla, tiyeni!"

Bakali, wonyamula zikwama za alendo, anayamba thukuta m'chipinda chozizira chotero. Supavaiza wa kochapira zovala anali Che Suleman, amalume ake a Raihana, mtsikana wa ku Balaka amene Bakali ankafuna kukwatira. Ukwati wonse unkadikira mawu a mkuluyu. Ankhoswe a Bakali anaimba foni mpaka kutopa, iwo osayankha. Tchuthi cha Bakali chinali pafupi, ndipo Raihana anali atanena kale kuti akabwera wopanda yankho la amalume asavutike n'kufika pakhomo.

Ndiye tsoka lakelo, mwa masupavaiza onse, amene anafika pa sofa ya Bakali atanyamula beseni ndi thaulo anali Che Suleman omwewo. Aroma ajatu ankasambitsa alendo mapazi asanadye.

Bakali anadzambatuka n'kugwada, shiti ili mbwee pansi. "Pepani bambo, ndisamba ndekha."

"Gona iwe," ananong'ona Che Suleman. "Madamu akutiyang'ana. Ukufuna undichotsetse ntchito?"

Anagona mwana wa eni, chigongono pa pilo, thupi lili gwa ngati thabwa. Che Suleman anamuvula nsapato. Sokosi ya kumanzere inali ndi chibowo, chala chachikulu chili panja kuonera phwando. Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mabwana a ku Roma," anatero, n'kuthira madzi.

Manyazi anamugwira Bakali moti analakalaka sofayo itamumeza. Mbale ya mphesa anailandira ndi manja awiri, chogona chomwecho, mphesa zina n'kugubudukira pansi. Madamu anadutsa akuwomba m'manja. "Bakali, lamula! Lero ndiwe mfulu, nena chilichonse!"

Che Suleman anawerama mwaulemu wonyoza. "Bwana akufunanso chiyani?"

Bakali anaika mbale ya mphesa pambali. Anaganiza za Raihana, anaganiza za ndege, anaona kuti tsiku ngati limeneli silibweranso.

"Ndikufuna muyankhe foni ya ankhoswe anga," anatero. "Raihana ndimamukonda, bambo. Mawa mundikalipire, koma lero akuti n'ku Roma."

Che Suleman anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Miyezi yonseyi ukandiona m'khonde umathawira m'chikepe," anatero. "Moni weniweniyu umapereka uli cham'mbali. Ndimati mwana wa mlongo wanga ndimupereka bwanji kwa munthu wopanda pakamwa? Kani pakamwa uli napo, umangofuna kusambitsidwa mapazi kaye." Anapinda thaulo. "Uwauze aimbe Lachisanu tikatuluka ku mzikiti. Koma sokosi iyi ndisadzaione pa ukwati."

Mkuluyo atawerama kuti anyamule beseni, Bakali anali atalilanda kale, wopanda nsapato, akuthamanga nalo kukataya madzi.

"Bakali, bwerera ukagone!" anakuwa Madamu. "Ukuwononga Roma yanga!"

"Musiyeni, Madamu," anatero Che Suleman, akudzikhazika pa sofa n'kutola mphesa. "Ameneyo si Mroma. Ndi mkamwini."