Miyendo Yopanda Zipsera

Lonjezo lake Clinton Malunga analipereka mu 1986, m'kati mwa vani yakufa yopanda matayala imene inali kumapeto kwa bwalo la njinga za BMX ku West Bromwich. Munali mafosholo, mareki ndi fungo la masaka onyowa. Mlongo wake Deliwe anali atakhala pa wilibala, akuvula nsapato zamatope. Sabata yotsatira banja lonse linali kubwerera ku Malawi, poti bambo awo anali atamaliza maphunziro ku yunivesite ya ku Edgbaston.

"Tsiku lina ndidzabwereranso kuno," anatero Clinton. "Ndidzaima pamaso pa onsewa n'kuwauza kuti amene ankawina uja ndiwe, osati ine."

"Mulumbire, achimwene."

Analumbira. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, msinkhu umene malumbiro amatuluka mosavuta ngati malovu.

Nkhani yake inali yotere. Njinga yampikisano bambo anagulira Clinton, mwana wamwamuna: kanjinga kamatayala ang'onoang'ono, kogwiritsidwapo kale, kokhala ndi nambala 47 kutsogolo. Clinton ankaikonda ikakhala chilili. Magazini onse a BMX ankawerenga mpaka zotsatsa malonda zomwe, ndipo ankadziwa dzina la chitsulo chilichonse. Koma akakwera pachitunda choyambira, tayala litagunda geti loyambira mpikisano, okwera anzake ali mbali iyi ndi iyo, miyendo yake inkasanduka phala. Geti likagwa, anzake onse ankapita, iye n'kumatsatira ngati watumidwa kukagula buledi.

Deliwe, wocheperapo ndi chaka chimodzi koma wofanana naye kutalika, ankapita nawo kukagwira jekete. Mpikisano wa atsikana unalipo, koma unkafuna zinthu ziwiri: chilolezo cha kholo ndi thalauzi. Kwathu masiku amenewo lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauzi, ndipo bambo awo, amene ankaphunzitsidwa ndi boma, ankakhulupirira kuti lamulolo linakwera nawo ndege. Pakati pa Amalawi ochepa a ku Birmingham munthu sunkadziwa kuti khutu ndi liti. Mawu amodzi ofika kumudzi akuti mwana wa a Malunga akuyenda m'thalauzi, sukulu yathera pomwepo. Anali mantha enieni, osati nkhanza, ngakhale kwa mwana wa zaka khumi ndi zitatu ziwirizi zimafanana nkhope.

Loweruka lina Clinton atagwa pachitunda choyamba penipeni, analowa m'vani muja kukalira. Deliwe anamutsatira, anamuvula juzi, thalauzi, magulovu ndi chisoti chotseka nkhope yonse, n'kuzivala, n'kutuluka kukapikisana m'malo mwake. Anawina. Atawina sanaime, anapalasa mpaka kuseri kwa vani, ndipo patapita kanthawi anatulukira Clinton, chisoti chili m'manja, kukalandira chikho.

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Anawina ku West Bromwich, ndipo akapita kumabwalo a ku Coventry kapena ku Wolverhampton ankasinthanirana kuseri kwa zimbudzi. Popeza 47 sankayankhula ali pageti, anamupatsa dzina loti Silent. Koma chikho chikangolandiridwa, Silent uja ankalongolola kuposa wailesi. Deliwe ankamufotokozera mpikisano wonse akuvula, iye n'kukaufotokoza kwa anthu atauthira mchere. Miyendo inali ya Deliwe, pakamwa panali pa Clinton. Palibe anafunsapo kanthu. Ana awiri akuda amsinkhu umodzi, wina m'chisoti: amene ankalemba mayina sankayang'anitsitsa.

Clinton anabwerera ku Birmingham mu 1997, kudzachita maphunziro osunga mabuku, ntchito imene ankagwira ku Zomba. Asananyamuke anapita kukatsanzika Deliwe. Anamupeza kwa mayi awo, atagona pamphasa pakhonde, mwamuna wake atamwalira chaka chapitacho ndi matenda aja amene anthu ankangowatchula ndi maso. Iyenso anali atayamba kutha. Anakweza chitenje mpaka m'mawondo n'kumuonetsa misongolo: mafupa okhaokha, koma zipsera za mapedulo zinali pomwepo, mizeremizere ngati wakalidwa ndi mphaka.

"Izi zokha ndi zimene sizikuonda," anatero akuseka. "Panopa lamulo lija linatha, akazi tikuvala mathalauzi, bambo anapita. Mukuopanso ndani? Mukawauze. Makamaka Godwin uja tinkalimbana naye pabwaloyo. Adziwe kuti amene ankamudyetsa fumbi anali mtsikana wa diresi yakutchalitchi."

"Ndikawauza, chemwali."

"Musachedwe nazo. Mukundiona nokha."

Mzinda umene anaupeza sunali umene ankaulota ali ku Zomba. Mafakitale amene ankanunkhitsa mpweya chitsulo anali atagwa, m'malo mwake mutamera nyumba zazitali zamalata zosungiramo katundu, zopanda mawindo, zopanda utsi, ngati zopanda anthu. Ku West Bromwich ankakumba njanji yatsopano. Sitolo imene ankawerengeramo magazini ulele inali ikugulitsa makapeti. Ana ankakwera njinga zikuluzikulu za magiya ambiri, ndipo ukatchula BMX ankakuyang'ana ngati watchula galamafoni. Masana ankakhala m'kalasi, pomwe aphunzitsi ankamutchula dzina molakwitsa mwaulemu. Madzulo ankakankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, pomwe dzina lake silinkafunika n'komwe. Munthu amene anawerenga mabuku ambiri kuposa madokotala ena ankamuitana ndi chala. Kutchalitchi cha Amalawi ankangomufunsa za mashifiti ndi lendi. Miyezi inadutsa, kubwalo kuja osapitako.

Linamupeza lokha. Tsiku lina akukwera basi yopita kuntchito, dalaivala, chimunthu chonenepa cha dazi, anayang'ana baji ya pachifuwa pake nthawi yaitali mpaka anthu a m'mbuyo anayamba kutsokomola.

"Malunga. Ndi dzina lomwe sindingaliiwale. Silent?"

Anali Godwin, mwana wa makolo ochokera ku Jamaica, amene zaka zonse zija ankamaliza wachiwiri.

"Ndakhala ndikuona msana wako m'maloto moyo wanga wonse," anatero Godwin m'Chingelezi chake cha ku Black Country, dera limene kuli West Bromwich, basi ili chiimire. "Wabwera nthawi yake. Bwalo lathu lija aligulitsa, akumangapo nyumba ya katundu. Loweruka tikukumana komaliza. Mdala Rex wogwetsa geti uja akuti tisankhe mayina a akatswiri onse amene dera lino linabalapo, awalembe pageti lija, likapachikidwe ku bala. Ukapanda kubwera, ndikuthyola."

Loweruka linali la mvula yowaza. Clinton anafika ndi mawu ake okonzeka, atawabwereza m'basi njira yonse. Bwalo linali laling'ono mochititsa manyazi. Zitunda zimene zinkamuoneka ngati mapiri zinali tizulu tomera udzu, makona atakokoloka, matayala akale ali mbwee. Vani ija inalipobe, itatitimira m'nthaka, mtengo utamera podutsa pa injini. Panali anthu ngati odzaza basi imodzi: opaka nyumba penti, oyendetsa mathiraki, osagwira ntchito, ena ndi ana awo ozizidwa amene sankamvetsa chimene abambo awo akuona pamalo pamenepa.

Atangomuona, phokoso linadzuka. Anthu amene sanawakumbukire anamukumbatira. Wina anakankhira mwana wake kutsogolo. "Gwira dzanja la munthu uyu. Uyu ndi 47." Chifikireni m'dziko lino palibe amene anamugwirapo paphewa, kupatula pofuna kuti apatuke. Anadziuza kuti adikire kaye anthu akhazikike.

Rex, mzungu wokalamba amene kale ankagwetsa geti, tsopano woyenda ndi ndodo, anakhala pampando ndi chitini cha penti yoyera. Mkangano wa mayina unayamba. Ena ankati Justus wa ku Dudley, amene ankadumpha zitunda ziwiri kamodzi mpaka tsiku limene anathyoka msana. Ena ankati Vera wa ku Walsall, amene analibe mnzake pakati pa atsikana. Godwin anadzitchula yekha, anthu n'kumuwowoza.

"Wachiwiri ndi wachiwiri, Godwin," anatero Rex. "Tikulemba pansi penipeni, pomwe agalu amafikira."

"Lembani bwino, mdala, manja anuwo akunjenjemera. Mungandisandutse Goodwin."

Za dzina loyamba panalibe mkangano.

Kenaka anachita mwambo wawo wakale. Mapedulo a BMX ali ndi mano ngati msampha, ndipo phazi likaterereka amaluma msongolo mpaka pafupa. Wokwera aliyense ali ndi zipsera zake, ndipo amazidziwa ngati mayina a ana ake. Amuna akuluakulu anayamba kupinda mathalauzi pamvula pomwepo. Ichi ndi cha ku Coventry. Ichi anandisoka. Ichi ndi iwe unandigunda, galu iwe. Vera, tsopano namwino, anavula buti n'kuwaposa onse.

"Silent, tione zako," anatero Godwin.

Clinton anayesa kuseka, koma Godwin anali atagwada kale n'kumukweza thalauzi. Misongolo inali see, yosalala ngati ya mwana wakhanda, yonyezimira ndi mafuta odzola. Mvula inkamveka pamalata a vani. Clinton anadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi, kuti miyendo yake yanena kale theka la nkhani, kwatsala kungomaliza. Anatsegula pakamwa.

"Mwaona?" anatero Rex, akuloza ndi burashi. "Ndinkakuuzani. Mnyamata uyu phazi silinatererekepo ngakhale kamodzi. Inu nonse munkalimbana ndi njinga. Uyu ankagwirizana nayo."

Anawomba m'manja. Wina anajambula miyendoyo chithunzi. Clinton anatsitsa thalauzi pang'onopang'ono.

Anamubweretsera njinga kuti azungulire komaliza. Anati bondo linavulala ku Malawi, ndipo anamumvera chisoni, poganiza kuti ku Africa mawondo amavulala kwambiri. Anaima pambali kuonera madoda onenepa akutsika chitunda pa tinjinga ta ana, akupuma ngati ng'ombe. Godwin anamaliza woyamba, kwa nthawi yoyamba pabwalo limeneli, ndipo anabwera kudzagwa pafupi naye.

"Sizikoma iwe kulibe," anatero akupuma. "Paja mlongo wako uja ali kuti? Kamtsikana ka madiresi aatali. Kankadana nawo masewerawa. Mpikisano ukangoyamba kankasowa, kukabisala m'vani. Sikanakuonerepo ukuwina ngakhale tsiku limodzi."

"Ali kumudzi."

"Ali bwino?"

"Akudwala."

"Pepa, m'bale. Ukamupatse moni. Ukamuuze kuti anaphonya zinthu."

Rex anamaliza kulemba. Pamwamba pa geti, m'zilembo zopendama, panali CLINTON SILENT MALUNGA 47, penti ikuchucha pang'ono chifukwa cha mvula. Anabweretsa chimkuzamawu chakale cha pabwalopo, chimene chinkalira ngati mbuzi, n'kuchipereka kwa Clinton kuti atsekere mwambo.

"Usanayankhule zaulemu," anatero Godwin mokweza kuti onse amve, "undiyankhe chinthu chimodzi ndisanafe. Fainolo ya 1985. Ndinali patsogolo mpaka kona yomaliza. M'kati munalibe malo, ngakhale khoswe sakanadutsa. Unadutsa bwanji?"

Mpikisano umenewo Clinton sanauone. M'vani muja munali kabowo koonetsa zitunda zoyambirira zokha. Koma ankakumbukira Deliwe akulowa, magazi akutsika mumsongolo kulowa m'sokosi, akunong'ona mothamanga, maso akuwala: Godwin amayang'ana kumanja akamalowa m'kona, nthawi zonse, chifukwa amayi ake amaima kumeneko. Ndinadikira atembenuze mutu. Ndinatsitsa phazi, pedulo inandiluma, koma ndinalowa.

Anayang'ana vani. Anayang'ana nkhope zonyowa zimene zinkamudikira, nkhope zokhazo m'dziko lonseli zimene zinkamudziwa dzina. Lolemba mathirakitala anali kubwera kudzagumula bwalolo.

"Iwe Godwin," anatero, mawu ake akumveka bwalo lonse, "unkayang'ana kumanja ukamalowa m'kona yomaliza. Nthawi zonse. Amayi ako ankaima kumeneko ndi ambulera. Ine ndinangodikira utembenuze mutu."

Anthu anafa nacho chiseko. Godwin anagwira kumutu, kenaka maso ake anadzaza misozi, poti amayi akewo anali atamwalira. "Zoona," ankangoti, "zoona, ankaima pamenepo." Clinton anapitiriza. Anafotokoza za mphepo ya tsiku limenelo, za dothi la m'kona, za kulira kwa tcheni. Anafotokoza bwino kwambiri, kuposa kale lonse. Anathokoza Rex, anathokoza abambo onse amene anamanga zitunda ndi mafosholo, anatchula Justus, anatchula Vera, anatchula Godwin. Kenaka anabweza chimkuzamawu, anthu anayi n'kunyamula geti kupita nalo kugalimoto.

Dzina la Deliwe sanalitchule.