Sipika Yong'ambika ya ku Mbombwe

Kwa zaka khumi ndi zitatu, gitala ya kwaya yathu ku Mbombwe inali m'manja mwanga, ndipo panalibe wofunsa kuti akuimba ndani. Munthu amatha kukhala kumsika akusankha tomato, n'kumva kulira kwake kuchokera kutchalitchi, n'kunena kuti, "A Mikaele ayamba." Mawu ake anali osasa, okanda pakhosi, ngati a munthu wachimfine amene akuumirirabe kuimba. Anthu ankawakonda. Pamaliro ankalira nawo, paukwati ankavina nawo.

Chinsinsi chake sichinali m'zala zanga ayi. Chaka china tikupita kuukwati ku Ndunde, wakabaza amene ananyamula sipika ya mpingo anagwa nayo m'ngalande, ndipo chogwirira buleki chinaboola chipepala chakuda cha m'kati mwake. Ndinamata ndekha ndi guluu wa chubu ndi kachidutswa ka thumba la simenti. Kuyambira tsiku limenelo sipikayo inayamba kusasa, anthu n'kumati Mikaele watulukira kaimbidwe katsopano. Ine matamandowo ndinawalandira ndi manja awiri, osaulula kanthu.

Ndiye kunabwera mlamu wanga Rafaeli, mchimwene wake wa mkazi wanga Easter, amene anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi akupenta nyumba za anthu. Ena akamachokera ku Joni amabwera ndi mabulangete ndi mapoto. Iye anabwera ndi gitala yofiira ndi kabokosi kachitsulo kachikasu, kokwana m'thumba la jekete, kokhala ndi timabatani titatu topotokola ndi chopondera chimodzi.

Loweruka masana, kwaya ikuphunzira nyimbo, anatulukira nako n'kukaika pansi pafupi ndi phazi lake.

"Alamu, nanga ichi n'chani? Msampha wa mbewa?" ndinamufunsa, kuti anthu aseke.

"Iyi ndi pedo, alamu. Amati ovadraivu. Tangomverani."

Analumikiza gitala yake ku kabokosiko, kabokosiko ku sipika ina ya mpingo, yabwino, ya maikolofoni. Vesi yoyamba anaiimba ndi mawu oyera, odekha. Titafika pakolasi anaponda. Kanyali kofiira kanayaka, gitala n'kubangula. Mawu amenewo anali anga, koma onenepa, ndipo akakhudza nsambo imodzi inkalira mpaka munthu kupuma kawiri isanazime. Kolasi itatha anapondanso, gitala n'kubwerera pa ulemu wake. Sipika yanga inalibe pozimitsira. Inkasasa nyimbo yonse, kaya ndi yachisoni kaya ndi yachimwemwe.

Amayi a alito analulutira. Amayi omwewo amene ndawaimbira pa maukwati a ana awo! Mayi Maluwa, amene amatsogolera kwaya yathu, anaomba m'manja kuti tikhale chete, nati, "Paja kumapeto kwa mwezi kuli chikondwerero cha makwaya, ndipo kwaya iliyonse akuilola lidi gitala imodzi. Nonse awiri muziimba kaye, tidzasankha sabata yomaliza."

Tidzasankha. Zaka khumi ndi zitatu palibe amene anasankhapo kanthu, lero tidzasankha.

Kunyumba nako Easter anandithira tsabola pachilonda. "Mwawamva achimwene eti? Ngati inu ndithu, kungoti iwo akumveka okhuta."

Ndinene mosabisa, nsanje inandigwira. Rafaeli sanandilakwire chilichonse. Anandibweretsera nsapato kuchokera ku Joni, ndipo ndinali nditazivala. Koma ndikakumbuka phazi lake likuponda kabokosi kaja, mawu amene ine ndinadziwika nawo boma lonse la Chiradzulu akutuluka mongoponda, ndinkalakalaka katagwera m'chitsime.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kwa a Francisko, mkulu wa mpingo amene alinso wapampando wa komiti ya nyimbo. Ndinawapeza kudimba akuthirira mpiru. Ndinawalanda keni n'kuthirira mizere iwiri ndisananene chimene ndadzera.

"Abambo, ndili ndi kankhani, koma zisamveke kuti ndanena ndine."

"Nenani, a Mikaele."

"Kabokosi kabwera ndi alamu anga kaja. Kameneka ndi ka m'mabala a ku Joni. Amaponda ndi anthu osapesa aja, ovala malaya a zigaza. Lero tikalola phokoso limenelija m'nyumba ya Mulungu, mawa ana athu azidzadumphadumpha kuguwa."

"Inu ku Joni munafikako?"

"Iyayi, koma pa foni zimaoneka."

A Francisko anapukuta manja pa thalauza, nayang'ana patali. "Mwachita bwino kunditsina khutu. Tikamva tokha Lamulungu."

Pobwerera ndinkaimba mluzu njira yonse.

Lamulungu mapemphero atatha, akuluakulu asanu a komiti anakhala pabenchi yakutsogolo, kwaya ili kumbuyo kwawo. A Francisko anati kwamveka madandaulo, osatchula dzina, ndipo anapempha Rafaeli kuti aimbe ndi kabokosi kake. Rafaeli anaponda, gitala inabangula. A Francisko anamvetsera atatsinzina, kenaka anakweza dzanja.

"Basi, zimitsani. Kulira kotere si kwa m'tchalitchi. Gitala izimveka ngati gitala, osati ngati chigayo."

Mtima wanga unavina. Ndinaweramitsa mutu kuti anthu asaone mano anga.

"A Mikaele," anatero a Francisko, "tamenyani yanu inunso, kuti achimwene athuwa amve mmene ife timaimbira kuno."

Ndinanyamuka monyadira, ndinalumikiza ku sipika yanga yakale n'kumenya kolasi yomwe ija. Ndisanafike pakati, ndinaona akuluakulu aja akuyang'anizana. Mayi Nester, msungichuma wa komiti, amene sadziwa kunong'ona, anati, "Aa, nanga si chimodzimodzi?"

"N'chimodzimodzi ndithu," anavomera a Francisko pang'onopang'ono. "Makutu athu anangozolowera. Zaka zonsezi takhala tikumvera sipika yodwala osachitapo kanthu, manyazi ndi athu. Sitingaletse phokoso kwa wina n'kulilola kwa mnzake. Sipika iyi ndi ya mpingo. Mawa ipite ku Limbe akaikonze."

"Koma abambo, anthu amaikonda mmene ililimu!"

"Anthu amakonda zambiri, a Mikaele. Inu nomwe mukudziwa kuopsa kwa phokoso lotere."

Anandiyang'ana m'maso ponena mawu amenewo. Ndinakhala pansi.

Sipika inabwerako Lachisanu ili ndi chipepala chatsopano chonyezimira. Chakale chija, ndi chigamba changa cha thumba la simenti, anachitaya ku Limbe komweko.

Loweruka lomaliza linafika. Ndinakoleka gitala n'kuyamba nyimbo imene ndaiimba kosawerengeka. Zimene zinatuluka m'sipikamo ndinazikana kuti si zanga. Mawu anali owonda, ndipo chilichonse chinali poyera. Zala zanga ziwiri zakumapeto zinauma kalekale ndi ntchito youmba njerwa, sizikanikiza nsambo bwino, koma kusasa kuja kunkakwirira zonsezo moti ngakhale ine mwini sindinkadziwa. Tsopano ponse pamene chala chaphonya pankamveka. Ponse pamene ndachedwa kusintha pankamveka. Mayi Maluwa anatiimitsa kawiri. Kachitatu sanatiimitse, anangoyang'ana kudenga mpaka nyimbo itatha.

Kenaka anaimba Rafaeli, wopanda kabokosi, pa sipika yomweyo. Ndinkapemphera kuti aphonye ngakhale kamodzi. Sanaphonye. Munthu uja amatha kuimba, ndipo kabokosi kaja kanali kongokometsera.

"Tamva tonse," anatero Mayi Maluwa, osandiyang'ana. "Kuchikondwerero adzaimba a Rafaeli. A Mikaele, inu mawu a pakamwa muli nawo abwino. Mukaime kumbuyo ndi a besi."

Ndinavula gitala n'kuitsamiritsa kukhoma. Palibe amene anaseka, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa akanaseka.

Potuluka ndinafulumira kuti ndiyende ndekha, koma Rafaeli anandipeza pamphambano akukankha njinga yake. Tinayendera limodzi. Ndinkadikira kuti ayambe kundipepesa monyada, yankho lake ndinali nditakonza kale.

"Alamu, ine lero sindinasangalale," anatero. "Mukudziwa chimene ndinagulira kabokosi kaja?"

"Kuti tikuoneni kuti mwachokera ku Joni."

Sanaseke. "Ku Joni kuja ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anthu foro. Ndikapukwa kumudzi, sindinkakumbuka phiri kapena msika ayi. Ndinkakumbuka gitala yanu, mmene inalirira pa maliro a amayi. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ya zoimbira, n'kuyesa mapedo leveni, mwini sitolo mpaka kukwiya nane. Ndinkafuna imene ikulira ngati a Mikaele a ku Mbombwe. Yachikasu ija ndi imene inayandikirako. Sinafikepo, koma inayandikira."

Anapitiriza kulankhula akukankha njinga.

"Ndinkati kuchikondwerero ndidzawapempha Mayi Maluwa kuti lidi mukhale inu, ine ndizikuperekezani pansipansi. Ndiye taonani, munthu m'modzi wapakamwa watiphera zonse ziwiri, yanu yeniyeni ndi yanga yokopera."

Anaima, natsegula chikwama chimene chinali pakaliyala, natulutsa kabokosi kaja n'kundiika m'manja. Kanali kolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Tengani. Kwa ine katha ntchito. Mawu ali m'menemo ndi anu."

Kunyumba kwanga kulibe sipika, kulibe magetsi. Kutchalitchi nako kabokosiko ndinali nditakatsekera ndekha chitseko. Ndinangoima pamsewu nditakafumbata, akabaza akutiimbira mabelu kuti tipatuke.

"Koma alamu," anatero Rafaeli, akundiyang'ana ndi maso oyera opanda chikaiko, "inu mwakhalitsa mumpingo uno, anthu mumawadziwa. Amene anapita kwa a Francisko angakhale ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, Mulungu ndi mboni, ndinatsegula ndithu.

"Anthu a kuno ndi ansanje, alamu," ndinatero.