Lesi ya Apongozi

Mwana wawo atalowa m'nyumba ndi kajumbo m'manja, Mayi anaganiza kuti wabweretsa zovala zoti asokerere. Koma anatulutsa lesi yoyera yoluka pamanja, yokwinyika ngati yatafunidwa ndi mbuzi.

"Andilukira apongozi anga, yoti ndidzafunde kumutu pa ukwati. Kungoti sadziwa kuiwongola. Mundithandize, Amayi."

 Zaka makumi atatu Mayi akhala akuluka, ndipo mwanayu chibadwire sanavalepo chipewa kapena sokosi za m'sitolo. Lesi yomwe iwo ankalukira ukwati womwewu inali m'kabati, itafika kale pakati.

"Apongozi akowo alibe mapini kwawoko?"

"Amayi, inunso."

"Isiye pampandopo."

Inakhala pampandopo masiku awiri, iwo akungoilambalala. Tsiku lachitatu m'mawa anainyika m'beseni la madzi ofunda, n'kuikulunga m'thaulo n'kumaiponda kuti madzi achoke. Anaiponda mopitirira muyezo. Kenako anayala nsalu pamatilesi, napisa ulusi wolimba m'mbali zonse za lesiyo, n'kuyamba kuikunga pang'onopang'ono, mapini ali kukamwa, lula yoyezera ili m'manja. Mapini atatha anatenga masingano, masingano atatha anakazula timitengo totokosera m'mano m'kabati ya mbale.

Mumtima ankangoti, tione manyazi a apongoziwa.

Koma lesi ija itatambasuka, maluwa anayamba kuoneka, lililonse ndi masamba ake, timabowo tofanana ngati tochita kuyeza. Mayi anavala magalasi n'kugwada, kusakasaka polakwika. Anafufuza mzere ndi mzere mpaka mawondo kuwawa. Anapeza diso limodzi lokha la ulusi lothawa, pakona.

Bambo anasuzumira pakhomo. "Koma ndiye mwaluka bwino, mayi a mwana! Iyi yaposa zonse zija."

"Si yanga."

Bambo anabwerera chambuyo.

Diso lija likanasiyidwa, lesi ikanayamba kusomoka ukwati uli mkati. Mayi analiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukuwauza zoipa. Koma mutu wodzafunda lesiyo unali wa mwana wawo. Analikoka ndi singano n'kulimanga, akung'ung'udza.

Pa ukwati anthu anaunjirira apongozi aja, kuwayamikira luso. Mayi anaombera nawo m'manja mochedwa, chakudya osachimva kukoma. Anthu atayamba kubalalika, apongozi aja anabwera n'kukhala pambali pawo.

"Ine ndinalira nditaimaliza, ndimayesa ndawononga ulusi. Munaichita bwanji, amayi? Mundiphunzitseko."

"Panali diso lothawa pakona," anatero Mayi.

"Ayi! Angati?"

Mayi anafuna kunena kuti asanu.

"Limodzi. Mubwere Loweruka. Mapini mutenge anu, anga ndi ochepa."