Mlendo Wolemekezeka Amalankhula Pomaliza

Ine ndine Selina, ndimasamalira okalamba kunyumba ina ku Oshawa, ndipo ndineneretu kuti bungwe lathu la Amalawi a ku Toronto ndimalikonda. Ndimalikonda ngati momwe munthu amakondera mchimwene wake woledzera: ukakhala naye pagulu, maso amakhala kukhomo.

Mwa okalamba anga munali a Dokotala Nilza, mayi wa ku Brazil, wamfupi, tsitsi lonse mbuu. Moyo wawo unathera m'madambo a kwawo, kufufuza achule. Ali mtsikana, akuluakulu a kuyunivesite anawakaniza kupita kunkhalango ndi anzawo aamuna, ati kulibe chimbudzi cha akazi. Iwo anafunsa ngati cha amuna chiliko, n'kukwera lole. Kuyambira pamenepo anaguba m'misewu, kukangana ndi aliyense wovala taye, kuti mkazi azilankhula pamene amuna akulankhula. Mwana wawo ndiye anawabweretsa ku Canada atakalamba.

Koma mutu unali utayamba kutaya zinthu. M'mawa ankakhala bwinobwino, dzuwa likapendeka ankanditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Tsiku lina anandigwira dzanja nati, "Selina, ndikufuna ndilankhulenso ndi akazi anzanga kamodzi kokha, mawu asanandithawe." Zinandipweteka mumtima. Ndiye nditamva kuti bungwe likukonza mwambo wa tsiku la amayi ku Scarborough, ndinapempha chilolezo kwa mwana wawo, n'kuwalonjeza agogowo kuti akalankhula.

Ndinaimbira a Medson, wapampando wathu, amene akhala pampandopo chigulireni mpandowo.

"Ndi dokotala," ndinatero, "ndipo akhala akumenyera amayi moyo wawo wonse."

"Perfect, mlongo! Amenewo ndiye guest of honour. Tiwapatsa ulemu wawo wonse."

Ndinathokoza, kupusa kwanga. Ndinaiwala kuti ulemu wa kwathu ndi woti mlendo wolemekezeka amalankhula pomaliza.

Holo inali ya pansi pa tchalitchi, yobwereka mpaka faifi, kenaka amalowamo anthu a ku Philippines ophunzira kuvina. Kutsogolo anamangako nsalu yolembedwa zilembo zazikulu kuti AMAYI PATSOGOLO, ndipo pansi pa nsaluyo panakhala amuna okhaokha, masuti ali psi. Agogo aja tinawaika pakati pawo, panjinga yawo ya olumala.

"Lero tili ndi mwayi," anatero a Medson pamaikolofoni. "Pakati pathu pali dokotala wa amayi, wochokera ku Brazil kwa mpira kuja!"

Asanamalize n'komwe, a Dulla, msungichuma, anali atasendera kale. Ananong'oneza agogowo m'Chingelezi kuti mkazi wawo msana ukumuvuta, mwina a dokotala angamuone mwambo ukatha, poti kuchipatala mzere wake ngwautali.

"Mkazi wanuyo amakhala m'madzi?" anafunsa agogo.

"Ayi, ku Mississauga."

"Ndiye sindingamuthandize."

Tinayamba ndi pemphero la abusa. Kenaka la a shehe, kuti pasakhale wodandaula. Abusa ataona kuti la a shehe latalikirapo, anapempha kuti aonjezere pang'ono. Atatero anaimirira a Medson nati, "Ine ndilibe zambiri." Kwathu munthu akatero, vula jekete ukhazikike.

Anapereka ulemu kwa aliyense wa patebulo, dzina ndi udindo, mpaka maudindo amene anawasiya ku Lilongwe. Anafotokoza momwe iwo amalemekezera amayi. Ati mkazi wawo, make Ryan, anamulola okha kuphunzira galimoto, ndipo pano amayendetsa ngakhale pa msewu waukulu wa 401. Ati makina ochapira kunyumba kwawo akudziwa pamene ali. Amuna anawomba m'manja kwambiri, ena mpaka kupukusa mitu ndi kugoma.

Atakhala pansi, anaimirira a Victor, mlembi. Nawonso analibe zambiri.

Ine maso anali pa agogo. Zala zinayamba kutolatola bulangete la pamiyendo, ndipo chizindikiro chimenecho ndinkachidziwa. Ndinanyonyomala pafupi ndi a Medson.

"A Tcheya, chonde, alankhule tsopano. Akatopa amasokonezeka."

"Mlongo, protocol. Mukufuna timuembarase mlendo, alankhule pakati ngati mwana wa sukulu? Atsala a vice, a Dulla, ndi vote of thanks basi."

"Vote of thanks asanalankhule?"

"Tikusevera time."

Mtima unandiwira. Ndinabwerera kwa agogo ndikuganiza zoti ndiwauza chiyani. Iwo anandikoka chovala.

"Selina, akazi ali kuti?"

Ndinatembenuka. M'holo monse akazi analimo amayi awiri achikulire amene anali kusinza, ndi atsikana obadwira konkuno, mitu ili m'mafoni. Ena onse anali kumene amakhala pa mwambo uliwonse. Ndinamasula mabuleki a njinga ija n'kuikankha. Palibe anationa, pakuti a Victor anali pakati pofotokoza kuti mkazi ndi duwa.

M'khitchini munali thukuta lokhalokha. Sikina, mkazi wa a Dulla wa msana uja, anali ataweramira chiwaya cha masamusa. Make Ryan anali pa mpunga. Ena akuduladula kabichi, ena akukazinga nkhuku, ambiri a iwo atachoka kuntchito m'mawa womwewo. Pakhoma panali kasipika kotulutsa mawu a m'holo, koma mafuta anali kulira kuposa iko.

"Amayi, awa ndi alendo athu olemekezeka," ndinatero. "Si dokotala wa amayi ayi. Ndi wa achule."

Anaseka onse, koma make Ryan anapukuta manja n'kubwera kudzagwada kuti apereke moni. Agogo anamugwira chigongono.

"Imirira, mwanawe. Ukagwada ine sindingakudzutse."

Kenaka anatchera khutu kukasipika kaja, kumene tsopano a vice anali kunena kuti alibe zambiri. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wamva chilankhulo cha kwawo m'basi.

"Phokoso ili ndikulidziwa," anatero. "Padambo, mvula ikagwa, achule amene mumawamva aja ambiri ndi aamuna. Aliyense amatupitsa khosi kuti amveke kuposa mnzake. Anzanga aamuna analemba mabuku ambiri za kulira kumeneko. Ine ndinkayang'ana aakazi, amene palibe ankawayang'ana. Mkazi amakhala phee m'udzu, kumvetsera. Akamva zokwanira amanyamuka n'kusankha yekha kopita. Amene sanasankhidwe amangolirabe, osadziwa kuti nkhani inatha kale."

Sikina anazimitsa moto wa masamusa. Wina anakoka ndowa n'kukhalira.

Agogo analankhula, abale. Chingelezi chikawathawa ankalowa Chipwitikizi, ife n'kumangomva ndi manja awo. Ananena za mphunzitsi amene anaika dzina lake pa ntchito yawo, ndi momwe anakamuyimirira pakhomo mpaka analifufuta. Ananena za amayi awo amene sankadziwa kulemba koma anawasokera buluku loyamba lopitira kunkhalango. Anafunsa aliyense wa ife zimene anaphunzira kwathu. Zinapezeka kuti pa kabichi panali mphunzitsi wa sekondale, pa nkhuku namwino, ndipo make Ryan, amene tonse timangomudziwa ndi dzina la mwana, anati iye ndi Tiyanjane, ndipo anaphunzira za malamulo. Ine ndinalira, sindibisa.

Chitseko chinatseguka. A Medson, thukuta lili kamukamu.

"Mwamuhaida kuti guest of honour? Ma Filipino afika, ali ndi sipika yawo! Ndipo chakudya bwanji? Anthu ali ndi njala uko!"

Tiyanjane anavula epuloni, naipinda bwinobwino, naiika m'manja mwa mwamuna wake pamodzi ndi chipande.

"Mbale zili apo, bambo a Ryan. Mlendo sanamalize."

A Medson anaima kanthawi ndi chipandecho ngati awapatsa mwana wa eni. Kenaka utsi unatuluka mumphika waukulu, ndipo anathamangirako okha, suti ndi taye, akuitana a Dulla.

Pobwerera ku Oshawa agogo anagona. Tikuyandikira anadzuka, nayang'ana chipale chofewa chodetsedwa cha m'mbali mwa msewu, kenaka ine. Ananditchula dzina la mng'ono wawo.

"Kodi tikuchokera kuti?"

"Kumsonkhano wa amayi, agogo."

Zala zinali zikutolatola bulangete.

"Ndinalankhula?"

"Munalankhula."

"Anandimvera?"

"Mpaka mpunga unapserera."