Ndere za a Shigeru

Chipumireni pa ntchito, a Shigeru ankaloza chilichonse ndi nsonga ya ambulera n'kunena kuti, "Ichi tichotse." Wailesi yakale inapita motero, mpando wa pakhonde unatsatira. Tsopano ambulera inali italoza dimba la akazi awo, a Tokiko, la mabilinganya ndi nkhaka kuseri kwa nyumba. Ankafuna aikepo miyala, ndere ndi kadziwe ka nsomba.

Kuti mayiwo agonje, anawatengera kunyumba yakale ya wamalonda a mowa wa mpunga, imene masiku ano anthu amakaiona. Anavula nsapato pakhomo, anadutsa zipinda zamdima mpaka m'chipinda cha alendo. A Shigeru anakhala pamphasa, pamalo a mwini nyumba, maso ali panja pa ndere zobiriwira ngati bulangete.

"Taonani, Mayi. Uku ndiye kukhala. Osati kudzuka n'kuona mabilinganya."

"Mabilinganyawo mukamadya simutseka maso," anatero a Tokiko.

"Munthu ameneyu ankaudziwa moyo."

"Ankadziwa kulemba antchito."

A Tokiko anatsika pakhonde, anavala nkhwaira za alendo n'kutsata njira ya miyala. Kuseri kwa mtengo anapeza mayi wina wovala chipewa, atagwada, akuzula timaudzu m'ndere ndi kamtengo ka nsungwi.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Taswera chogwada," anayankha mayiyo osadzutsa mutu. "Ndipo masamba sanayambe n'kuyoyoka komwe. Tsamba likagona pandere, ndere zimafa. Timatola ndi manja."

"Okuthandizani alipo?"

"Timapempha odzipereka, malo ogona alipo kuchipinda cha antchito akale. Abambo amabwera ndi makamera, mawa lake msana wawagwira."

A Tokiko anakodola amuna awo. Anabwera monyadira, akuyesa kuti nkhondo yatha.

"Bambo, dimba ndikupatsani."

"Eya! Ndimadziwa ine."

"Koma muyambe mwagwada pano ndi achemwaliwa mpaka tsamba lomaliza ligwe. Mukapirira, zulani mabilinganya anga ndi manja anu. Mukathawa, nkhaniyi ndisadzaimvenso."

A Shigeru anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi. "Ine kugwada? Kwathu kadzakhala kamalo kakang'ono. Inu simungamatoleko timasambato?"

"Ndiye kuti dimba langa lipite, mawondo anganso apite? Walira mvula walira matope, Bambo."

Mayi wa chipewa anadzutsa mutu, anawayang'ana a Shigeru kuyambira pamimba mpaka kumapazi. "Awa? Asiyeni, achemwali. Awa ndi okhala pamphasa."

Makutu a bambowo anafiira. "Mayi inu simukundidziwa. Ine kuntchito sindinajombepo. Ndibwera mawa."

"Mubwere dzuwa lisanatuluke," anatero mayiyo, n'kubwerera ku ntchito yake.

M'sitima pobwerera a Shigeru anakhala pafupi ndi zenera. Ankangosisita bondo lakumanzere, akuyang'ana mapiri amene anali atangoyamba kufiira. Masamba anali ambiri.

Atafika kunyumba, a Tokiko anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Anaikamo mathalauza akale, masokosi okhuthala, chipewa chawo cha kudimba ndi mankhwala opaka msana.

"Mwaika zochuluka," anatero a Shigeru ali pakhomo la chipinda.

"Mwati simuthawa."

Anatseka chikwamacho, anakachiika pakhomo, n'kutembenuza nsapato za amuna awo kuti ziloze kunja.